Ndani Asambitse Ababa?

Manja, Blantyre
6 Meyi 2024

Achimwene a Hamdan,

Asalamu alaikum. Muli bwanji ku Joni kumeneko? Ntchito ya matayala ikuyenda? Kuno tilipo, ababa ali chimodzimodzi.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati kale pomwe foni ilipo. Nyumba yathu mukuidziwa, khoma la pakati silifika kudenga. Ndikamayankhula nanu ababa amamva zonse, ndiye ndimangoti tili bwino basi. Sitiroko inawapha mkono ndi mwendo wakumanzere, koma makutu ali bwinobwino, mwinanso kuposa kale. Kalatayi ndapatsira a Fahim, adalaivala a basi ya ku Joni aja. Akuti shopu yanu amaidziwa.

Mankhwala a bipi akumwa, musadandaule. Kuyankhula kunabwerera, kungoti lilime limalemera akatopa. Chovuta ndi thupi. Ababa si munthu wochepa, mukudziwa. M'mawa ndimawadzutsa, kuwakhazika pampando, kuwasambitsa, kuwaveka thewera lina, kuwadyetsa, kenako kuchapa. Ndikamamaliza kuyanika ndiye kuti nthawi yowatembenuza yakwana, kuopa zilonda za pamsana. Benchi yanga ya zitenje mumsika wa Limbe chitsekereni chaka chatha sindinapondekonso. Kunja kwa geti ndimatuluka pokagula makala ndi ndiwo, ndipo ndimachita kuthamanga.

Sindikudandaula, ndi bambo anga. Koma ndatopa, achimwene, ndipo msana ukundiwawa. Kodi simungabwere ngakhale mwezi umodzi kuti ine ndipumeko? Azakhali a Rania a ku Nyambadwe analonjeza kuti awatengako sabata imodzi. Ulendo woyamba anali ndi alendo, wachiwiri akuti akupentetsa nyumba. Ndasiya kuwafunsa.

Mundiyankhe kudzera kwa a Fahim omwewo.

Mlongo wanu,
Aminatu


Mayfair, Johannesburg
19 Meyi 2024

Mlongo wanga Aminatu,

Wa alaikum salaam. Kalata yako ndalandira. Ine ndili bwino, kungoti kuno kwayamba kuzizira. Ababa uwapatse moni, uwauze kuti ndimawapempherera pa swala iliyonse.

Zobwera kumeneko usawerengere. Masiku a mupasipoti mwanga anatha kalekale. Ndikangotuluka pa boda andidinda, kubwereranso kulibe, ntchito yathera pomwepo. Ndiye mankhwala ndi matewera azigula ndani? Si kuti sindikufuna, iwenso ukudziwa.

Vuto lako ndalimvetsa, ndi kunyamulako. N'chifukwa chake ndagula wilutcheya yabwino, yopinda, a Fahim akupatsa pa depoti ya mabasi ya Wenela. Ukawakhazika ababa pamenepo uzingokankha, msana upuma. M'katoni momwemo muli mafuta opaka msana, jekete la ababa ndi chikwama chako chamanja chofiira. Ndinachiona pawindo la shopu ndipo ndinakumbuka iwe.

Pirira, mlongo wanga. Ntchito ukugwirayo mphotho yake ili kwa Allah. Amayi akanakhala moyo bwenzi akukunyadira. Azakhali usawakwiyire, nawonso ali ndi zawo.

Ukapeza mpata unditumizireko mpunga wa kilombero ndi usipa wouma. Za kuno sizikoma. Unditumizirenso chithunzi cha ababa ali pa wilutcheya.

Mlongo wako,
Hamdan


Manja, Blantyre
9 Juni 2024

Achimwene,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira mukupeza bwino ndi chisanucho. Katundu yense wafika, zikomo kwambiri. Jekete ababa alikonda, safuna kulivula. Mpunga ndi usipa ndatumiza.

Wilutcheya ndi yabwino, koma pakhomo la bafa siilowa, ndipo kuti munthu akhalepo ndiyenera kumunyamula kaye. Panja ndiye mukudziwa njira yathu, miyala yokhayokha ndi chitunda. Chikwama ndi chokongola. Chili pamsomali, kolowera nacho kulibe.

Mwina sindinalongosole bwino. Sindimapempha katundu. Ndimapempha munthu woti andilandireko.

Popeza simungabwere, ndafufuza njira zina. Mukuwakumbuka mayi Esther, aneba athu a kuseri kwa mpanda, akazi a bambo Aleck atelala aja? Iwo ali m'gulu la anthu ongodzipereka losamalira odwala m'makomo. Linayambira kutchalitchi kwawo, koma pano muli anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, Asilamu alimonso. Amabwera kudzakhala ndi wodwala theka la tsiku kuti wosamalira akagone kapena akaone zina. Muli amuna oti atha kuwasambitsa ababa. Salipiritsa, munthu umangoikapo kangachepe ka sopo ndi magolovesi.

Andiuzanso za nyumba ina ku Limbe kumene okalamba ndi odwala sitiroko amakaswera. Umawasiya m'mawa, amachita mafizo, amadya, madzulo n'kukawatenga. Wosamalira akadwala kapena akapita kumaliro, wodwala atha kugonako masiku ochepa. Kumeneko amalipiritsa, koma si zoopsa. Ndinayesanso zofuna wantchito wamwamuna. Anabwera mmodzi, ataona thewera anati akukagula mayunitsi, mpaka lero.

Ababa sindinawauze kanthu. Ndikuopa angaganize kuti andilemera. Komanso nkhani iliyonse amati funsa Hamdan. Ndiye ndikukufunsani. Ndikufuna masiku awiri okha pa sabata. Kumbukirani kuti amene akuwasambitsa ababa ndi ine, mwana wamkazi. Zina sindingalembe, mundimvetse.

Mlongo wanu,
Aminatu


Mayfair, Johannesburg
23 Juni 2024

Aminatu,

Wa alaikum salaam. Mpunga ndalandira. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo sinandisangalatse.

Nyumba zosungira okalamba ine ndimazidziwa, kuno zili mbwee. Pali ina pafupi ndi kumene timakasiya matayala. Nkhalamba zimangokhala pawindo kuyang'ana kumsewu, ana awo osabwera. Onse anayamba choncho, kuti tsiku limodzi lokha, kenako sabata, mapeto ake kumuiwala munthu. Ababa anagona m'misewu ya ku Beira ndi ku Dar akuyendetsa mathiraki zaka zonse zija kuti ife tidye ndi kuphunzira. Lero tikawataye ku Limbe ngati katundu?

Azakhali a Rania anandiimbira. Akuti anthu akutchalitchi ayamba kale kulowa m'nyumba mwathu, ndipo akuti iwe mtima uli kubenchi yako. Ngati ndi bizinesi ukufuna, nena poyera. Ngati ndalama zikuchepa, nena ndiwonjezere, ndizigwira ndi Lamulungu lomwe. Koma zoti alendo azivula ababa, anthu osadziwa ndi udhu womwe, kusamba kokonzekera swala, ine ndakana. Akumzikiti adzati a Waziri anabereka ana kapena ayi?

A Esther ndi a Aleck ndi anthu abwino, sindikuwanyoza. Moni wa pampanda ndi wokwanira. Za m'nyumba mwathu zikhale zathu.

Nkhaniyi ithere pano. Ababa usawauze, ungawakweze bipi.

Hamdan


Mayfair, Johannesburg
21 Julayi 2024

Mlongo wanga,

Asalamu alaikum. A Fahim abwera maulendo awiri opanda kalata yako. Pafoni ukungoti tili bwino n'kuwapatsira ababa. Wakwiya? Mwina ndinalemba mokalipa, koma mfundo yanga ndi yomweyo. Ndatumiza bulangete ndi mafuta ena a msana. Undiuze ngati oyamba aja anathandiza.

Hamdan


Manja, Blantyre
4 Ogasiti 2024

Bambo Hamdan,

Ndine Esther, mkazi wa a Aleck, neba wanu. Muli bwanji? Ife tili bwino mwa chisomo cha Mulungu. Pafoni amuna anga anangokuuzani kuti Aminatu wagwa ndipo ali kuchipatala. Zotsala ndi izi, ndipo ndilemba mosabisa.

Linali Lachiwiri m'mawa, kunja kuli chiperoni. Ndikutsuka mbale ndinamva bambo anu akukuwa. Sankaitana Aminatu, ankaitana a Aleck. Ndinazungulira kugeti n'kulowa. Nditafika pakhomo la bafa anakuwanso kuti, "Mayi Esther musalowe, ndili chabe! Itanani amuna anu!" Ndinawaponyera chitenje changa ndili panja n'kuthamangira a Aleck.

Tinawapeza onse awiri ali pansi pasimenti, madzi ali ponseponse. Aminatu amawanyamula kuchoka pampando wosambira, msana n'kumugwira, miyendo n'kufooka. Bambo anu anamugwera pamwamba. Iye samatha kudzuka, iwo samatha kudzisuntha. Anakhala choncho mpaka madzi anazizira, onse akunjenjemera. Aminatu sanalire. Ankangoti, "Yambani ababa, yambani ababa."

Adokotala akuti mtsempha wa pamsana wapanikizika, ndipo bipi yake inali yokwera kuposa ya bambo anu. Anamugoneka sabata yathunthu. Pano watuluka, akuyenda pang'onopang'ono, koma amuletsa kunyamula chilichonse cholemera, ngakhale ndowa ya madzi, kwa miyezi ingapo.

Ndikudziwa kuti munakana zoti gulu lathu lilowe m'nyumba mwanu. Aminatu anandiuza kalekale, ndipo tinalemekeza mawu anu. Koma tsiku limenelo sitikanadikira basi ya ku Joni, munthu ali pansi. A Aleck anawasambitsa n'kuwaveka. Ndinakauza a Dauda, anzawo a bambo anu amene ankayendetsa nawo mathiraki, amenenso ali m'gulu lathu. Masana tinkasinthana. Usiku panalibe woti agone nawo, choncho masiku amene Aminatu anali m'chipatala bambo anu anakagona kunyumba ya ku Limbe ija. Tinawafunsa kaye, anavomera okha.

Za chipembedzo musade nkhawa. Sitinabwere ndi Baibulo, tinabwera ndi sopo. Udhu ndi swala amawathandiza a Dauda. Nyama timagula kubutchala ya Asilamu pamsika.

Azakhali anu anabwera kuchipatala ndi juwisi ndi maapozi. Anakhala pang'ono, dalaivala amawadikira.

Ine ndinasamalirapo apongozi anga mpaka kumwalira kwawo, ndiye ndikudziwa. Munthu mmodzi sangathe, ngakhale atawakonda bwanji. Mukandikwiyira palibe kanthu, koma mlongo wanu musamukalipirenso.

Ine neba wanu,
Esther


Manja, Blantyre
11 Ogasiti 2024

Hamdan mwana wanga,

Asalamu alaikum. Ndine bambo ako. Akulemba ndi a Dauda, mawu ndi anga. Ndawauza kuti asakonze chilichonse, alembe momwe ndikunenera.

Ndili bwino. Jekete ndi bulangete ndinalandira, Allah akudalitse.

Mlongo wako atatuluka m'chipatala ndinamukhazika pansi kuti andiuze zonse zimene munkalemberana. Anakanakana, koma anandiuza. Nonse awiri mwandilakwira pa chinthu chimodzi. Munkakambirana za ine, wina ku Joni wina kuchipinda chinacho, osandifunsa. Chinafa ndi mwendo, mutu ulipo.

Iwe ukuopa kuti alendo andiona maliseche. Tamvera. Chaka chonsechi amene amandivula ndi mwana wanga wamkazi, amene ndinamunyamula ali wakhanda. Akamandisambitsa ine ndimatsinzina, iye amayang'ana kukhoma. Tikatuluka m'bafamo timakhala ngati anthu oti ayambana. Ndinasiya kumuyang'ana kumaso, iyenso chimodzimodzi. Ndinkachepetsa kumwa madzi kuti ndisamuvutitse ndi thewera. Manyazi amene ukuwaopawo ndadya kale, ndipo ndinkadya ndekha uku iwe ukutumiza makatoni. Tsiku limene a Aleck anandisambitsa ndinacheza nawo za mpira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso ali otsegula.

Ku Limbe sanandimange. Ndinapita ndikuopa, sindikana. Mafizo ake ndi owawa, kamtsikana kochititsa mafizowo sikamva chisoni, koma pano ndikutha kuima nditagwira tebulo. Ndinapezako mdala wina, a Wilkins, ankagwira ntchito ku njanji, nawonso mbali imodzi inafa. Timasewera bawo aliyense ndi dzanja lake limodzi. Amabera, koma ndi munthu wocheza. Chakudya chake mchere ndi wochepa.

Paulendo wautali bwana wanzeru ankatituma madalaivala awiri, wina akamayendetsa wina agone. Amene ankaumira n'kutuma mmodzi, thiraki yake tinkaipeza m'phompho. Mlongo wako wayendetsa yekha osagona, ndipo tonse awiri tinagwa.

Ndiye ndalamula chonchi. Kusamba azindisambitsa a Aleck ndi a Dauda mosinthana, ndi mnzawo wina wa m'gulu akatanganidwa. Lachiwiri ndizikaswera ku Limbe. Lachinayi a gulu azikhala nane pakhomo pano, Aminatu azichoka. Lachisanu a Dauda azinditenga pa galimoto yawo kupita kumzikiti ku swala ya Juma, wilutcheya yako ija imakwana kumbuyo. Akumzikiti ukuwaopawo sabata yatha anachita kulimbirana kundikankha. A Shehe anandifunsa kuti bwanji sindinanene msanga.

Sindikukupempha, ndikukuuza. Usabwere, ntchito ingakuthere. Za ku Limbe uzilipira ndiwe. Ndipo ukamaimba foni uziyamba wafunsa mlongo wako kuti wadzuka bwanji, usanafunse za ine.

Bambo ako,
Waziri


Mayfair, Johannesburg
25 Ogasiti 2024

Mlongo wanga Aminatu,

Asalamu alaikum. Msana uli bwanji? Ukugona? Mankhwala anakupatsa ukumwa?

Makalata awiri, ya mayi Esther ndi ya ababa, anafika tsiku limodzi chifukwa basi inachedwa pa boda. Ndinawawerengera kuseri kwa shopu, pamulu wa matayala. Bwana anandiitana ndipo sindinamve.

Unandilembera kuti ndikumvetse, ine osamva. Ndinkaona nyumba ya nkhalamba ya kuno, osaona bafa la kwathu. Undikhululukire. Pafoni ndinayesa kunena zimenezi koma mawu anakanika, ndiye ndalemba.

Zimene ababa alamula zichitike. Za ku Limbe ndizitumiza mwezi ndi mwezi. Funsa a Aleck ngati akudziwa mmisiri woti akulitse khomo la bafa ndi kuika chitsulo chogwirira kukhoma. Mayi Esther ndawalembera payokha kuwathokoza. Azakhali anandiimbiranso kuti ayambe nkhani ija. Ndinawafunsa kuti tsiku lawo lokhala ndi ababa likhale liti, foni inaduka.

Usanditumizirenso mpunga, ndi wolemera. Undilembere za iwe.

Mlongo wako,
Hamdan


Manja, Blantyre
15 Sepitembala 2024

Achimwene,

Wa alaikum salaam. Ndakhululuka, tisazibwerezenso. Muli bwanji? Kuno kwayamba kutentha. Msana ukusintha, ndikutha kuwerama pang'ono, ndipo bipi yatsika. Mmisiri anabwera, khomo akulitsa. Ababa anenepako, a Dauda akudandaula kale.

Mwati ndilembe za ine. Ndikuuzani za Lachinayi loyamba limene ndinatuluka, museke.

Masabata oyamba ndinkangogona m'nyumba chifukwa cha msana, ndiye ngakhale a gulu abwere ndinkamvabe chilichonse. Sabata yatha mayi Esther anati basi, lero uchoke, usaoneke mpaka madzulo. Ndinasamba mosathamanga, ndinavala bwino, n'kukwera minibasi ya m'tauni. Kopita kwenikweni ndinalibe. Ndinatsikira pamsika wa Blantyre chifukwa ndi pomwe anthu ambiri anatsikira.

Ndinayenda mu Victoria Avenue kuyang'ana m'mawindo. Ndinagula tchipisi n'kukhala pansi kudya ndekha, popanda wondiitana. Sizinandikomere. Zinkangokhala ngati ndaiwala mphika pamoto. Ndinkangoona nthawi pafoni, kuti pano ndiye akufuna madzi, pano ndiye atembenuzidwe. Ndinadzidzimuka ndili mufamase ndikufunsa mtengo wa matewera, chonsecho kunyumba alipo ambiri. Dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditakwera kale minibasi yobwerera ku Manja.

Nditatsegula geti ndinapeza ababa ali pakhonde, thaulo lili m'khosi, thovu lili kumasaya, a Aleck akuwachepetsa ndevu. Wailesi ikulira. Ababa anandiyang'ana, kundiyang'ana kwenikweni m'maso, n'kufunsa kuti, "Wabwera kudzatani?"

Ndinati, "Ndimati ndione ngati mwamwa mankhwala a masana."

"Ndamwa."

"Nanga madzi?"

"Ndamwa, funsa a Aleck. Lero si tsiku lako, Aminatu. Bwerera."

A Aleck anangoti, "Mwamva mayi, abwana anena," uku akupitiriza ntchito yawo.

Ndinatuluka n'kutseka geti. Ndinaima pamsewu ngati mlendo wosochera, misozi ikutsika, osadziwa kuti ndikulira chiyani. Mayi Esther anandiona ali pakhomo pawo. Anandigwira dzanja, anayala mkeka pansi pa mtengo wawo wa mapeyala, anandipatsa pilo n'kubwerera kukachapa.

Achimwene, ndinagona. Tulo timeneto sindinagonepo chidwalireni ababa. Ndinadzidzimuka ndi azana ya kumzikiti yoitanira swala ya asiri chakumadzulo, thupi lonse lili lolemera, ndipo chinthu choyamba ndinafuna kudumpha kuti ndithamangire kwathu. Kenako ndinamva kuseri kwa mpanda ababa akuseka, akutsutsana ndi a Aleck za penati ya Lamulungu. Ndinamvetsera pang'ono, palibe amene ankatchula dzina langa. Ndinatembenuza pilo n'kugonanso.

Mlongo wanu,
Aminatu